DIMBA LA NTHAMBI: TIDYE KAPENA TIGULITSE?

Awa ndi mau amene Mlembi wa Nthambi analankhula pa msonkhano wa mamembala m'mwezi wa Okutobala. Tawalemba muno kuti amene sanafike nawonso amve.



Nkhani imene yatisonkhanitsa lero nonse mukuidziwa. Anzathu ena apereka maganizo akuti caka ca mawa tileke kugawana ndiwo Loweruka liri lonse, koma dimba lonse tibzalemo matimati okha-okha, tikagulitse ku msika wa Lizulu, kenaka tigawane ndalama. Maganizo amenewa si acibwana ai. Tonse tifuna ndalama ya feteleza, ya sopo ndi ya mcere, ndipo ciyambire m'Novembala 2023, pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, palibe nyumba imene sinalire. Koma tisanakweze manja, ndiloleni ndikukumbutseni m'mene dimba limeneli limatidyetsera caka conse.

Pangano lathu ndi ili. M'mwezi wa Meyi, tikatha kukolola, nyumba iri yonse ipereka gawo lake. Wina apereka ndalama, wina ndowa ya cimanga, wina ngolo ya manyowa, ndipo amene alibe kanthu apereka masiku a nchito. Timapereka mbeu isanamere ndi imodzi yomwe, kuti mabanja amene amasamala dimba tsiku ndi tsiku asapite kukatenga katapila. Tinapangana kuti zikacita bwino tidzadya tonse, zikalephera tidzalira tonse.

Tsono taonani caka m'mene cimayendera. M'Meyi tifesa nazale. M'Juni ndi m'Julayi, pamene cisanu cigona m'dambo ndi kupsereza nyemba ndi matimati, mpiru, repu, kabici ndi nsawawa ndiye zimakondwa. Amenewo ndi masiku a mpiru wotendera, mai atasinja mtedza ndi kusefa nsinjiro, mphika uli pa mafuwa, ana atazinga moto. Pofika Seputembala ndi mwezi uno dzuwa lakula, madzi atsika m'citsime, ndipo anyamata athu atunga ndi makeni m'mamawa ndi madzulo. Mphotho yake ndiyo matimati, anyezi ndi cimanga caciwisi cootca, pa nthawi imene minda ya kumtunda iri fumbi lokha-lokha.

Mvula ikagwa dambo lidzala madzi, ndipo tikwera ku kamunda ka kumtunda. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zimalira, koma ndiyonso miyezi ya nkhwani, khwanya, citambe, bonongwe, luni ndi cisoso. Therere liphikidwa ndi cidulo ca phulusa, ndipo kansima kocepa kamatsetsereka. Ine monga mphunzitsi ndimaona ndi maso anga m'Febuluwale: mwana amene wagona ndi njala amawodzera ndisanathe kulemba pa bolodi.

Koma nchito imene ndifuna muiganizire kwambiri ndi ya m'Marichi ndi m'Epulo, nchito ya amai athu, yofutsa. Athyola masamba akali anthete, asadzula nkhwani, aziwiritsa pang'ono, aziyanika pa mphasa kufikira zitauma gwa, ndi kuzikulunga m'masamba a msuku. Cikwatu cimeneco acipacika m'khichini momwe mumafika utsi. Mwezi ngati uno, pamene ndiwo zasowa m'midzi yambiri, mai amasula cikwatu, atapa mfutso, athira nsinjiro ndi thimati limodzi, banja ladya. Kodi ndani wa ife anagulapo mfutso wotere ndi ndalama ya matimati? Ndalama imatha sabata lomwelo, cikwatu cimafika caka.

Abale anga, sindikulankhula ngati munthu wosalakwa. Zaka ziwiri zapitazo ine ndemwe ndinabzala matimati okha-okha m'dimba langa la kunyumba, nditawerengera phindu pa pepala monga ticitira masamu ku sukulu. Matimati anga anapsa sabata lomwe anapsa a wina ali yense. Ndinafika pa msika ndi madengu anga, ndinapeza mseu wonse uli psuu. Wogula anachula mtengo wake, ine ndinakana, iye anangoseka ndi kupita kwa mnzanga. Anadziwa kuti thimati silidikira. Dzuwa litapendeka ndinagulitsa pa mtengo umene sunabweze ngakhale za mankhwala ndi za ngolo. Mwezi wotsatira amai a kunyumba anali kupempha ndiwo kwa anansi. Amene anatipulumutsa ndi gawo lathu la Loweruka la dimba lino.

Ena afunsa kuti, kodi nkhani ya ndiwo ikhudzana bwanji ndi ndale? Funsani agogo athu. Lamulo la Boma la Atsamunda la 1946 linakakamiza anthu za malimidwe: mizere yopingasa, migula ndi masiku obzalira. Wolephera anali kulipitsidwa kapena kutsekeredwa. M'caka ca 1953, pa nthawi yokana Citaganya, Inkosi Philip Gomani anauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewo. Boma linawacotsa pa mpando, apolisi anabwera kudzawagwira ku Lizulu komwe kuno, ndipo anamwalira m'caka ca 1954. Mizere yopingasa siinali yoipa ai, pakuti lero tikuilima tokha popanda kapitao, ndipo imasunga nthaka ndi madzi. Cimene makolo athu anakana ndi cakuti munthu wina, amene sadya nawo, awalamule za m'munda mwao osawafunsa. Tikabzala mbeu imodzi yokha yogulitsa, tadziikiranso kapitao wina, ndiye mtengo wa pa msika. Iyeyo salipitsa cindapusa, koma amalanda ndithu.

Cina ndi ici. M'Marichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi cifukwa ca cilala. Tinaona tokha kuti munthu wanjala sakhala ndi mau. Ukampatsa kathumba ka ufa, aombera m'manja ciri conse cimene unganene. Nthambi imene mamembala ake agona ndi njala siingathe kufunsa phungu za mlatho, za mankhwala a ku cipatala kapena za mtengo wa feteleza, cifukwa iopa kukhumudwitsa dzanja loipatsa. Ufulu tinaulandira m'caka ca 1964, koma ufulu wolankhula pa bwalo umayambira mu mphika.

Kotero sindikuti tisagulitse konse. Pampu ifuna kukonza, citsime cifuna kukumbanso, mbeu ya kabici ndi ya anyezi ndi yogula. Ndikupempha msonkhano uno kuti ubvomereze mfundo zinai izi.

Coyamba, dimba tiligawe patatu. Magawo awiri akhale a ndiwo zogawana, gawo limodzi likhale la zogulitsa. Matimati ace tiwabzale mosiyanitsa masabata kuti asapse tsiku limodzi, ndipo ndalama yace ipite kwa Msungicuma ndi kuwerengedwa poyera pa msonkhano.

Caciwiri, m'komiti ya dimba mulowe amai osacepera theka. Amene amaphika ndiye adziwa ndiwo imene isowa m'mwezi wakuti-wakuti. Ife abambo takhala tikusankha mbeu poyang'ana thumba lokha.

Cacitatu, nyumba iri yonse isunge nthanga za maungu, khobwe, ndi njere za bonongwe ndi luni, ndipo ibweretseko pang'ono ku nkhokwe ya Nthambi. Mbeu zimenezi sitigula m'sitolo, ndipo tikazitaya palibe adzatibwezere. Asungwana athu nawo aphunzire kufutsa kwa agogo awo akali moyo.

Cacinai, amene sanatsirize gawo lao la caka cino atsirize mvula isanagwe. Maina ndiri nawo m'buku, koma sindiwachula pano. Amene zabvuta abwere kwa ine kapena kwa a Pampando mwakacetecete, tidzagwirizana za masiku a nchito. Nyumba za agogo ndi za ana amasiye zipitirize kulandira gawo lao monga kale, pakuti kupatsa ndi kuika.

Amai ndi abambo, dzanja mukweze ndi lanu, ndipo cimene ambiri asankhe ine ndidzacilemba m'buku mokhulupirika, ngakhale citasiyana ndi maganizo anga. Cokhaco ndikupemphani, pokweza dzanjalo mukumbukire mwezi wa Febuluwale.

Loweruka likudzali tidzakumana ku dimba dzuwa lisanatuluke, kudzakumba ngalande madzi a mvula asanatipeze. Ali yense abwere ndi khasu lace.