ZIMENE TINAPHUNZIRA KU NKHOTAKOTA

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, tifuna kukuuzani za ulendo wathu wa ku Nkhotakota, kwao kwa alimi a mpunga m'mbali mwa nyanja. Pakuti tinapitako monga anthu odziwa zinthu, koma tinabwerako ndi manyazi.

Tinacokera ku Salima mamawa, mpunga uli pafupi kuca, ndipo titaoloka pa Chia tinafika dzuwa litapendeka. Pamsika tinapeza mai wokalamba alikugulitsa mpunga wa faya, wotsala wa caka catha. Tinalimbana naye nthawi yaitali kufikira anatsitsa mtengo. Ndipo tinacoka tilikuseka, tilikuti tacenjera.

M'mawa mwace mwini nyumba imene tinagonamo anapita nafe kudambo, natilongosolera nchito ya mpunga. Uyamba wafesedwa pamalo pa mbande. Ukamera uzulidwa, nuokedwa m'matope phando ndi phando, munthu atawerama m'madzi tsiku lonse. Ukamasula, ana ayingitsa mbalame kuyambira mbanda kuca kufikira madzulo. Pambuyo pace ndipo padza kumweta, kupuntha, kuanika ndi kupeta. Ndipo taonani, m'munda woyandikana nafe munali mai uja ndi adzukulu ace awiri, alikupfuulira mbalame. Iye anatizindikira, nagwada, nati, "Mwagona bwanji, alendo athu?" Natipatsa cinangwa ca pa moto cimene anasungira anawo. Ife tinasowa ponena. Pakuti dzulo lace tinamcepsera thukuta lace, ndipo iye anatibwezera cakudya.

Madzulo anatisonyeza mtengo waukuru umene anthu aucha wa Livingstone, natikumbutsa alendo awiri akale. Woyamba ndiye Jumbe, Salim bin Abdallah, amene anadza m'zaka za m'ma 1840, nasandutsa dooko ili msika wa anthu, naolotsa akapolo m'zombo kunka tsidya lija la nyanja. Waciwiri ndiye David Livingstone, amene anafika m'caka ca 1863, nadandaulira Jumbe kuti aleke malondawo. Mau ace sanamveke pomwepo, pakuti malonda a akapolo anapitirira kufikira zaka za m'ma 1890. Koma kufikira lero alendo afunsa njira ya ku mtengo uja. Onse awiri anamwa madzi a nyanja imodzi. Koma wina anayang'ana anthu naona mtengo wao wa malonda, mnzace anaona abale. Ndipo tinadzifunsa m'mitima mwathu, kodi pamsika paja ife tinafanana ndi uti?

Akuru anati, mlendo ndi mame. Inde sakhalitsa, koma mame asiya cinyontho, ndipo mlendo woipa asiya cironda. Cifukwa cace inu aphunzitsi, potumidwa ku mudzi wacilendo, kumbukilani kuti muli alendo. Musanyoze kondowole pakuti munaleredwa ndi nsima ya cimanga. Musakalipire mwana wocedwa kusukulu musanafunse kumene anali. Kapena anadzuka usiku kukayingitsa mbalame, kuti inu mudye. Yambani mwaona munda wa munthu, ndipo mudzadziwa kulankhula naye.

Tisanacoke tinabwerera kwa mai uja ndi ndalama zimene tinammana. Iye anakana kawiri, nalandira kacitatu ndi manja awiri, nati, "Mukayende bwino, ana anga, mudzabwerenso pokolola."