Chilembo Chimodzi Chingapulumutse Nkhokwe Yanu

Amene muli kumbuyo senderani pafupi kuti muziona bolodi, chifukwa lero choko chigwira ntchito kuposa pakamwa panga.

Mwazolowera kuti mlangizi akabwera amakamba za manyowa, za mbozi kapena za mizere. Lero tikamba za masamu. Musadzume, amayi. Masamu ake ndi omwe mumachita kale pogula feteleza, pokongola ku banki m'khonde ndi pogulitsa chimanga. Vuto ndi loti ambiri timawachita mumtima, ndipo timawachita mochedwa, ndalama zitapita kale. Ndikufuna tichoke pano tikudziwa kuwalemba m'kope tisanabzale, ngakhale mitengo ya chaka chino tisanaidziwe.

Wina afunsa kuti, "Alangizi, tingawerengere bwanji mtengo umene sitikuudziwa?" Funso limenelo ndiye phunziro lathu. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo m'masitolo inasintha masiku ochepa okha. Amene analemba bajeti yake ndi mitengo yakale anang'amba pepalalo. Koma pali njira yolembera imene siitha ntchito mitengo ikasintha. M'malo molemba nambala imene simukuidziwa, mumalemba chilembo. Chilembocho chili ngati dengu lopanda kanthu: lero muikamo mtengo wa lero, mawa mukhuthula n'kuikamo wa mawa, koma dengu ndi lomwelo. Ana anu kusukulu amazitcha alijebula.

Tiyambe ndi feteleza. Pa chimanga cha haibulidi, malangizo amene timaphunzitsa kawirikawiri ndi matumba awiri a wokulitsa ndi matumba atatu a wobereketsa, wa yureya, pa hekitala imodzi. Thumba lililonse ndi makilogalamu 50. Manambalawa sanangotoledwa. Pa thumba la wokulitsa nambala yoyamba ndi 23, kutanthauza kuti m'makilogalamu 100, omwe ndi matumba awiri aja, muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. Yureya ali ndi 46 pa 100, choncho matumba atatu, omwe ndi makilogalamu 150, amapereka 69. Tikaphatikiza 23 ndi 69 tipeza makilogalamu 92 a nayitirojeni pa hekitala.

Tsopano mtengo wa thumba la wokulitsa tiutche n, wa yureya tiutche u. Ndalama za feteleza pa hekitala tizilemba chonchi:

2n + 3u

Nambala ikagundana ndi chilembo, ndiye kuti tikuchulukitsa. 2n ndi mtengo wa wokulitsa kawiri, 3u ndi mtengo wa yureya katatu. Tili limodzi? Tiikemo manambala. Amene ndigwiritse ntchito lero ndi ongoyerekeza, osavuta kuwerengera, si mitengo ya kusitolo. Titi n ndi K100,000 ndipo u ndi K90,000. Kawiri 100,000 ndi 200,000. Katatu 90,000 ndi 270,000. Pamodzi K470,000. Chaka chamawa n akafika K150,000 ndipo u K140,000, simuyambanso kuganiza kuyambira pachiyambi. Mzere ndi womwewo, mwangosintha za m'dengu, ndipo mupeza K720,000.

Apa pali msampha woyamba. Wina amati, "Awiri ndi atatu ndi asanu, matumba asanu pa K100,000 ndi K500,000." Walakwitsa ndi K30,000, chifukwa waphatikiza zinthu zosiyana mtengo. Lamulo ndi ili: mumaphatikiza zofanana zokhazokha. Bambo akafuna 2n + 3u, ndipo mwana wawo wofuna kulima munda wake akafuna n + u, pamodzi ndi 3n + 4u. Ma n apita kwa ma n anzake, ma u kwa ma u anzake. Kalabu yanu ikamalemba oda ya pamodzi, mlembi aziphatikiza motero.

Ndikudziwa kuti ambiri pano mulibe hekitala yathunthu, mumalima ekala. Apa ndi pamene timafuna manambala a zidutswa. Nambala si 1, 2, 3 basi. Pakati pa ziro ndi 1 pali theka, lomwe timalemba 0.5, pali kota, 0.25, ndi ena ambirimbiri. Ekala imodzi ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala. Ndiye feteleza wa ekala timulemba chonchi:

0.4 × (2n + 3u)

Timizere tokhotatu timatchedwa mabulaketi, ndipo tikutiuza kuti 0.4 akhudze chilichonse chili mkatimo. Akakhudza 2n tipeza 0.8n, akakhudza 3u tipeza 1.2u. Ndiko kuti thumba la wokulitsa lochepekera pang'ono, ndi thumba la yureya ndi kachidutswa pamwamba. Mwaona chifukwa chake timati pafupifupi thumba limodzi limodzi pa ekala? Pa mitengo yathu ija, 80,000 kuphatikiza 108,000 ndi K188,000. Amene waiwala mabulaketi, n'kuchepetsa wokulitsa yekha kusiya yureya wa hekitala yonse, apeza K350,000. Akakongola ndalama imene munda wake suikufuna.

Zidutswa zomwezi ndi zimene zimatiuza kuchuluka kwa mapando. Mizere italikirane masentimita 75, ndiye 0.75 ya mita. Mapando atalikirane masentimita 25, ndiye 0.25 ya mita, mbewu imodzi pa phando, monga mwa njira ija mumaitcha Sasakawa. Hekitala ndi malo a mamita 100 mulitali ndi 100 mulifupi, tikachulukitsa tipeza 10,000. Tikagawa 10,000 ndi malo a phando limodzi, omwe ndi 0.75 kuchulukitsa 0.25, tipeza mapando opitirira 53,000 pa hekitala, kapena opitirira 21,000 pa ekala. Mukatalikitsa mizere kufika mita yathunthu, atsala 40,000 pa hekitala. Mapesi 13,000 asowa musanabzale n'komwe, pamene feteleza mwagula wokwanira munda wonse.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani, phindu. Matumba amene mukolole tiwatche t. Mtengo wogulitsira thumba limodzi tiutche m. Zonse zimene mwalowetsa m'munda tizitche z. Phindu ndi ili:

t × m − z

Pano pali dongosolo loyenera kulitsata: yambani kuchulukitsa, kuchotsera kubwere pambuyo. Pezani kaye ndalama zonse za malonda, kenako muchotse zolowa.

Tipeze z wa ekala yathu. Feteleza K188,000. Mbewu makilogalamu 10, titi K40,000. Aganyu K60,000. Matumba, mankhwala osungira ndi ngolo K32,000. Zonse K320,000. Musabise kalikonse mu z. Ngakhale chimanga chimene munalipira nacho aganyu, chiwerengereni mtengo wake.

Titi mwakolola matumba 20. Mtengo ukakhala K25,000 pa thumba, malonda ndi K500,000, kuchotsa K320,000, phindu K180,000. Mtengo ukakhala K16,000, malonda ndi K320,000, phindu ziro. Mwangobweza ndalama zanu, thukuta lapita ulele. Nanga mtengo ukatsika kufika K12,000? Malonda ndi K240,000. Tingachotse 320,000 mu 240,000? Ana a sitandade 2 amati sizingatheke, koma mlimi amadziwa kuti zimatheka ndithu, ndipo zimapweteka. Yankho ndi −80,000. Kamzere kali kutsogoloko kakutanthauza kuti muli pansi pa ziro, mwaluza.

Manambala a pansi pa ziro musawaope, ndi manambala enieni ngati anzawo. Taonani mzere ndajambulawu. Pakati pali ziro. Kumanja kuli zimene muli nazo, kumanzere kuli ngongole ndi kuluza. Amene ali pa −80,000 akagulitsa mbuzi pa K50,000 amasendera kumanja n'kufika pa −30,000. Ndalama wazigwira m'manja, koma sanatuluke m'dzenje. Ambiri timasokonezeka pamenepa. Tikagwira ndalama ya malonda timaiyesa phindu, timagula wailesi, pamene ziro sitinamufike.

Choncho nambala imene mlimi aliyense ayenera kuidziwa pamtima ndi mtengo umene umamufikitsa pa ziro. Kuupeza n'kosavuta: gawani z ndi t. Kwa ife, 320,000 kugawa ndi 20 ndi K16,000 pa thumba, ndiye K320 pa kilogalamu. Pansi pa mtengo umenewo mukugulitsa moluza, ngakhale wogula akumwetulireni chotani. Mvula ikavuta, t n'kutsika kufika 10, mtengowo ukwera kufika K32,000. Mnansi wanu ali ndi z wake ndi t wake, ndiye mtengo womukomera iye ungathe kukuphani inu. Boma, kudzera ku Unduna wa Zaulimi, limalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi. Mukaimva pa wailesi, iwerengereni pa thumba, muiike m'malo mwa m muone ngati ikukutulutsani.

Nambala yomweyi ikuthandizani pamaso pa venda wa ndowa. Titi akugula ndowa pa K6,000. Kulemera kwa chimanga cha mu ndowayo sitikukudziwa, ndiye tikutche w. Mtengo wa kilogalamu ndi 6,000 kugawa ndi w. Ndowa ikalemera makilogalamu 15, mwagulitsa pa K400, mwapindula. Ikakhala ndowa yofutukuka m'mimba, yosenderera mpaka kutayikira, ya makilogalamu 20, mwagulitsa pa K300, pansi pa K320 wathu uja. Ndalama m'manja ndi yomweyo, koma kwina mwapindula, kwina mwaluza. N'chifukwa chake timati gulitsani pa sikelo, ndipo sikeloyo ikhale yoyesedwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards.

Amayi a banki m'khonde, gawo ili ndi lanu. Ndalama yokongola tiitche k. Titi gulu lanu linagwirizana chiwongola dzanja cha 20 pa 100 pamwezi. Pakatha mwezi mubweza k + 0.2k, ndipo popeza zonsezi ndi ma k, tiziphatikiza kukhala 1.2k. Wokongola K100,000 abweza K120,000. Koma chimanga sichicha mwezi umodzi. Mukakongola mu Disembala kuti mudzabweze mu Meyi, ndi miyezi isanu. Kasanu 0.2k ndi k wathunthu, ndiye mubweza 2k. Feteleza wa K188,000 wasanduka wa K376,000. Bwererani nazo ku z: wakwera kuchoka pa K320,000 kufika K508,000, ndipo malonda a K500,000 aja, amene anatisangalatsa, tsopano akutisiya pa −8,000. Ngati malamulo a gulu lanu amati chiwongola dzanja chosalipidwa chiziberekanso, ndiye n'zoposa pamenepo: miyezi iwiri yokha ndi 1.2 kuchulukitsa 1.2, ndiye 1.44k. Sindikunyoza banki m'khonde, yatukula mabanja ambiri. Ngongole yake imayenera geni yobweza msanga, monga mandasi ndi tomato. Ya mbewu yodikira miyezi isanu iwerengereni kaye musanasayine.

Achinyamata amene mumati masamu a zilembo alibe ntchito kumudzi, mvetserani. Buku limene linakhazikitsa phunziroli linalembedwa ku Baghdad cha m'ma 820 ndi katswiri wotchedwa al-Khwarizmi. Analilembera anthu ogawana chuma cha masiye, ochita malonda, oyeza minda ndi okumba ngalande za madzi. Nkhani zake ndi zomwezi zimene amfumu amaweruza pabwalo lino. Mwana wa Fomu 1 akabwera kunyumba ndi x ndi y m'kope, makolo musamuuze kuti zimenezo sizidyedwa. Mukhazikeni pamphasa, mumupatse mitengo yanu, akuthandizeni kuwerengera. Iye amvetsa za kusukulu, inu mupulumutsa ndalama. Amene simutha kulemba musachite manyazi. Nzeru za munda muli nazo ndinu, mwana angokhala dzanja lolembera, ndipo foni zambiri zili ndi powerengera masamu.

Tibwereze pamodzi, mokweza. Chimene sitikuchidziwa timachipatsa chiyani? Chilembo. Timaphatikiza zotani? Zofanana zokhazokha. Nambala ili kunja kwa mabulaketi imakhudza chiyani? Zonse za mkati. Kuchulukitsa ndi kuchotsera, timayamba chiti? Kuchulukitsa. Yankho likakhala pansi pa ziro ndiye kuti chiyani? Taluza.

Ntchito ya kunyumba nayi. Banja lililonse lipeze kope limodzi la za munda basi. Bambo ndi mayi mukhale pamodzi, chifukwa nthawi zambiri amene amakumbukira za aganyu ndi za matumba ndi mayi. Lembani z wa chaka chathachi, kanthu kalikonse pa mzere wake. Lembani t, matumba amene munakolola, kuphatikizapo amene munadya ndi amene munapatsa abale. Gawani z ndi t. Kenako tengani tsamba lina, mulembe za chaka chikubwerachi ndi zilembo, ndipo mitengo ikamadziwika muziikamo. Alimi otsogola adutsa m'makomo kuthandiza amene akakamira, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzayamba ndi makope anuwo.

Amfumu, pempho langa kwa inu ndi loti mutithandize kukumbutsa anthu anu. M'mudzi muno pasapezeke munthu wotsegula nkhokwe kwa wogula, kapena wosayinira ngongole, asanadziwe mtengo umene umamufikitsa pa ziro. Amene muli ndi mafunso imikani manja, choko chikadalipo.