Khutuba ya Lachisanu ku Mitundu: Tiwalire Bwanji Amalume Athu?

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mwini moyo ndi imfa. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), banja lake ndi maswahaba ake onse.

Abale anga a Chisilamu, sabata yathayi tinali ku Nathenje kuika m'manda amalume anga. Iwo anachoka ku Mangochi ali mnyamata nadzakhazikika kuno pa malonda a usipa. Bambo anga atamwalira, ndiwo anandilera, nandiperekeza ku madrasa. Pamene tinkatsitsa thupi lawo litakulungidwa mu sanda, misozi inandigonjetsa. M'bale wina anandinong'oneza kuti shehe salira. Ndikufuna kuyankha mawu amenewa lero.

Mtumiki (SAW) ankaudziwa ululu umenewu. Abu Talib, mkulu wa bambo ake, anamulera kuyambira ali ndi zaka 8 ndipo anamutchinjiriza kwa Akuraishi. Iyeyu anamwalira cha m'ma 619, chaka chomwenso anamwalira mayi Khadija (RA), ndipo chimatchedwa Chaka cha Chisoni. Mu 625, pa nkhondo ya Uhud, anaphedwa Hamza (RA), bambo ake aang'ono, ndipo Mtumiki anamva kuwawa kwakukulu. Mwana wake Ibrahim atamwalira, misozi yake inatsika maswahaba akuona. Choncho misozi ndi chifundo chimene Allah anaika m'mitima. Zoletsedwa ndi kubuma mokuwa, kudzimenya, kung'amba zovala ndi kudandaula ndi chikonzero cha Allah. Kulira maliro ndi masiku 3, kupatula mkazi wamasiye amene amadikira miyezi 4 ndi masiku 10, monga ikunenera Surat Al-Baqarah, ndime 234.

Nanga masikuwo akatha, timukumbukire motani womwalirayo?

Choyamba, tibweze ngongole zake. Tsiku lina Mtumiki (SAW) anakana kuswalira janaza ya munthu wangongole kufikira Abu Qatadah (RA) atalonjeza kuibweza. Tisanakambe za kugawa katundu, tifunse ngati malemu anali ndi ngongole kumsika.

Chachiwiri, tisalemetse anamfedwa. Ja'far (RA) ataphedwa ku Mu'tah mu 629, Mtumiki analamula kuti anthu aphikire banja lake chakudya. Ife tikuchita mosemphana: mkazi wamasiye akugulitsa mbuzi ndi chimanga kuti adyetse khamu la pa siwa.

Chachitatu, ndikulankhula kwa ife ana a mlongo. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndipo akamwalira ena amathamangira malata, njinga ndi munda, nasiya ana ake ali manjamanja. Surat An-Nisa, ndime 10, ikuchenjeza kuti wodya chuma cha amasiye mopondereza akudzaza moto m'mimba mwake. Nalo lamulo la dziko lino la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye linaika kulanda katundu kukhala mlandu. Munthu amene anatilera tingamuthokoze bwanji pomuliza ana ake?

Chachinayi, Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti ntchito za munthu zimatha pa imfa kupatula sadaka yopitirira, maphunziro opindulitsa ndi mwana wolungama womupemphera duwa. Tikumbe chitsime, tilipirire ana ake sukulu, timupemphere chikhululuko tikatha Swala iliyonse.

Amalume anga asiya ana atatu aang'ono. Pamaso panu ndikunena kuti ana amenewo tsopano ndi anga, ndipo mukadzaona ndikuwataya, mudzandikumbutse za khutuba ino.

Allah awakhululukire akufa athu, awakulitsire manda awo, ndipo atipatse ife kupirira. Ameen.