Asilikali a M'magazi a Mwana Wakhanda

Ndifuna ticheze za mwana amene akali m'chikuta, amene mchombo wake sunagwe.

M'chaka cha 1882, ku Messina m'dziko la Italy, munthu wina wophunzira dzina lake Elie Metchnikoff analasa kamwana ka kanyama kena ka m'nyanja ndi munga wa duŵa. Kutacha anapeza kuti tinthu tamoyo tating'onoting'ono ta m'thupi la kanyamako taunjikana pamungapo ngati linthumbu. Tinthu totere tilimonso m'magazi athu, ndipo madokotala amatitcha maselo oyera. Ochuluka mwa iwo, otchedwa neutrophil, akamva kuti tizirombo ta bakiteriya taloŵa pabala, amatuluka m'mitsempha, natimeza, nafera pomwepo. Mafinya amene mumaona pachilonda, mbali yaikulu ndi mitembo ya asilikali ameneŵa.

Munthu wamkulu ali ndi nkhokwe yodzaza ya asilikali otere m'mafuta a m'mafupa ake. Khanda nkhokwe yake ndi yaing'ono, asilikali ake amachedwa kufika pamene pali nkhondo, ndipo nkhondo ikakula amatha msanga. Tsono tizirombo timene tikanathera pamchombo timaloŵa m'magazi, mwinanso mpaka kuubongo.

Palinso vuto lina. Kachirombo kena kotchedwa Group B Streptococcus kamakhala m'matumbo ndi m'njira yoberekera ya amayi ambiri popanda kuwadwalitsa, ndipo mwana angathe kukatenga pobadwa. Mvetsani bwino, si mlandu wa mayi, si chizindikiro cha khalidwe loipa ai. Kachiromboka kavala chikopa choterera chofanana ndi cha maselo athu omwe, kotero kuti msilikali amakalambalala ngati mbale wake, pokhapokha wina atakaika chizindikiro. Oika chizindikirocho ndi maantibodi, ndipo khanda ambiri mwa iwo limachita kubwereka kwa amake. Amadzera m'nsengwa, makamaka miyezi itatu yomaliza ya pakati. Ndicho chifukwa chake mwana wobadwa masiku osakwana amadza ndi kamba wochepa. M'chaka cha 1976, madokotala aŵiri a ku America, Carol Baker ndi Dennis Kasper, anaonetsa kuti ana ogwidwa ndi kachiromboka kaŵirikaŵiri ndi amene amayi ao anali ndi maantibodi ochepa olimbana nako.

Mayi samalekera pomwepo. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi nkumati ngwoipa, muli maantibodi omata m'matumbo a mwana monga momwe timazirira nyumba. Wotaya mkaka umenewo wataya mankhwala amene sitolo iliyonse ilibe. Chimodzimodzi wothira phulusa, ndoŵe kapena madzi a zitsamba pamchombo, ngakhale achite mwachikondi, watsegulira adani pakhomo pamene alonda ake ndi ochepa.

Koma chimene chandiimiritsa pano ndi ichi. Ife akulu tikadwala thupi limatentha, ndipo aliyense amaona. Khanda, pa masiku 28 oyamba, nthaŵi zambiri silitero. Mwina limangozizira, limaleka kuyamwa, limagona osagwedezeka ngakhale mulikhudze. Lina limapuma mothamanga, kufika ka 60 pa mphindi imodzi, nthiti zikuloŵa m'kati; lina limakomoka, kapena pamchombo pamafiira ndi kutuluka mafinya. Ndiye agogo amati mwanayu ngwofatsa, azakhali amati ndi tsempho, bambo amati tiyembekeze malume abwere adzatilole. Pamene akulu akukambirana, tizirombo timene tingathe kuŵirikiza m'theka la ola tikuswana, ndipo nkhokwe ija ikutha. Usiku umodzi ngwokwanira. Kuchipatala kuli majekeseni monga benzylpenicillin ndi gentamicin amene amagwira ntchito imene asilikali a mwana alephera, koma amafuna kumpeza mwanayo mphamvu zikalipo.

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, ndinu amene mumagogodedwa pakati pa usiku kuti mukabatize mwana ali pangozi. Pitani, batizani, madzi ochepa ngokwanira ndipo sizitenga nthaŵi. Koma musanatuluke pakhomo panu tumani mnyamata akonze njinga kapena ngolo. Mayi aike mwanayo pachifuwa, khungu ndi khungu, amfunditse nsalu ndi kachipeŵa kumutu, azimuyamwitsa m'njira ngati angathe. Za malume ndi za tsempho mudzakamba maŵa, mwana ali m'manja mwa anamwino.