Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wokhazikitsa Kalabu ya Ophunzira ya Zakuthambo ku Chitipa



Ndiyambe ndi kuyamika aphunzitsi a sayansi. Opanda ndalama, opanda chipangizo chodula, mwasonkhanitsa ana kuti azikweza maso kumwamba. Tiwaombere m'manja!

Pa 1 September 2016 mwezi udadutsa kutsogolo kwa dzuwa. Ku Rujewa, m'chigawo cha Mbeya kutsidya kwa Songwe, kudakhamukira anthu ochokera kutali kudzaona dzuwa litasanduka mphete yamoto. Kuno nako lidaphimbika kwambiri. Koma ndi angati amene tidadziwiratu? Ambiri tidangodabwa kuwala kukuzirala masanasana, ena n'kumathamangira m'nyumba.

Tsono tcherani khutu. Pa 21 May 2031, m'mawa, kadamsana wa mtundu womwewo adzadutsa ku Angola, Zambia, kumpoto kwa Malawi ndi Tanzania. Kumpoto kwa Malawi n'kuti ngati si kwathu kuno? Ulendo umenewo asadzatipeze tili m'tulo.

Kadamsana si tsoka, si ufiti. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400, komanso lili kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400, n'chifukwa chake ziwirizi zimaoneka zofanana kukula. Mwezi ukakhala patali pang'ono ndi dziko sukwanitsa kuphimba dzuwa lonse, ndiye m'mbali mumatsala mphete.

Mphete imeneyo ndiyo yoopsa. Mkati mwa diso, pamene pamagwera kuwala, simumva kuwawa. Mwana amayang'ana dzuwa akuseka, madzulo n'kuyamba kuona chibanga pakati pa chilichonse, ndipo nthawi zina chibangacho sichichoka. Magalasi akuda a pamsika sateteza. Galasi lopaka mwaye, filimu ya X-ray, ngakhale kuonera m'beseni la madzi, zonsezi n'zonyenga. Anyamata a kabaza kumbuyoko, magalasi anu aja ndi a fumbi la pamsewu, osati a dzuwa! Oyenera ndi okhawo opangidwira kadamsana, olembedwa ISO 12312-2, osang'ambika kapena kukalika.

Ngati mulibe, musadandaule. Tengani kachidutswa ka katoni, boolani kabowo ndi singano, fulatirani dzuwa, kuwala kudutse pabowopo kugwere papepala loyera. Pa nthawi ya kadamsana, mukaima pansi pa mtengo wa masamba ambiri mudzaona timadzuwa todukizadukiza tambirimbiri pansi. Koma mabainokula kapena telesikopu musalozetse kudzuwa ngakhale kamphindi. Kadamsana wa mwezi, ngati wa pa 27 July 2018 pamene mwezi udafiira, ameneyo onani ndi maso anu mosaopa.

Ana anga, musadikire 2031. Ku Misuku, ku Chisenga, ku Wenya ndi ku Nthalire usiku thambo limayera nyenyezi kuposa mmene anzanu a ku Lilongwe ndi Blantyre amalionera, chifukwa kwawo magetsi amazibisa. Yambani ndi Nthanda, imene si nyenyezi konse koma pulaneti Venus. Pezani Mlalang'amba. Gulani kope, muzijambula mwezi usiku uliwonse, muone mmene umasinthira m'masiku 29 ndi theka. Galileo mu 1610 adaona miyezi inayi ya Jupiter ndi kachipangizo kochepa mphamvu. Mabainokula abwino akhoza kukuonetsani imeneyo lero.

Makolo, ndikudzudzuleniko pang'ono. Mtsikana akafunsa za nyenyezi timati akatsuke mbale. Mulekeni afunse, ndipo mumuperekeze pabwalo. Mafumu, boma lino lili ndi zilankhulo zambiri, Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chitumbuka ndi zina. Agogo amadziwa mayina a nyenyezi m'zilankhulo zimenezi. Lolani ana awalembe agogowo akadali moyo.

Bwana DC, pempho langa ndi limodzi: khonsolo, amalonda ndi mabungwe tigwirane manja, sukulu iliyonse idzakhale ndi magalasi oyenera tsikulo lisanafike.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti kalabu iyi yatsegulidwa. Mulungu adalitse Chitipa, Mulungu adalitse Malawi.