Mwapuma pa Ntchito, Koma Bwalo Likukudikirani

Lero ndikufuna ndilankhule ndi inu abambo ndi amayi amene munapuma pa ntchito. Aphunzitsi, apolisi, alangizi a zaulimi, inu amene boma linakuuzani kuti mwakwanitsa zaka 60, pitani kumudzi. Mwabwerera ku Mponela, ku Madisi, kwa Malomo, ndipo m'mawa kukacha mukungosuntha mpando kutsata mthunzi.

Tsegulani Numeri 8, ndime 24 mpaka 26. Mlevi ankayamba ntchito ya m'chihema ali ndi zaka 25, n'kuileka akafika 50. Koma werengani bwino. Mulungu sanamuthamangitse. Anamuchotsera katundu wolemera yekha, n'kumusiya pomwepo kuti azithandiza abale ake. Aleluya! Penshoni ilipo m'Baibulo, koma ulesi mulibe.

Tsono kuno kwathu mungathandize kuti? Pitani pabwalo la pasukulu madzulo. Fodya akatha kugulitsidwa, anyamata athu alibe chochita. Ena ali ku kachasu, ena akubetcha pa foni ndalama ya feteleza. Otsalawo akuthamangitsa chikulunga opanda wamkulu ngakhale mmodzi, ndipo masewero akuthera ndewu chifukwa woyimbira ndi mlamu wake wa goloboyi.

Wina akuti, "Abusa, mawondo anga anatha." Ndani wakuuzani kuti mukathamange? Inu aphunzitsi munasunga kaundula zaka 30, simungalembe mayina a timu ndi kusunga ndalama ya majezi? Inu apolisi, wezulo mumaidziwa kale! Inu amayi a unamwino, mwana akabinya phazi mungodutsa? Ofuna pepala, bungwe la FAM limachititsa maphunziro a makochi ndi oyimbira mpira. Kafunseni ku ofesi ya zamasewero ku boma la Dowa kapena la Ntchisi.

Za malipiro ndisakunamizeni. Kumudzi kuno ntchito imeneyi ndi yongodzipereka. Mwina pa mpikisano woyimbira angapatsidwe ya sopo, basi. Amene akufuna kubwezeretsa malipiro ake akale pa ana a anthu, chonde akhale kunyumba.

Paja Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anayambira kumudzi ku Rumphi. Mu 2024 Temwa anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ku America. Kodi m'mapiri athu ano mulibe mwana wotere? Alipo, koma palibe akumuyang'ana.

Chenjezo limodzi, ndipo apa sindikuseka. Timu ya atsikana, kaya ndi ya mpira wamanja kaya wamiyendo, isayende ndi bambo yekha. Pakhale amayi awiri achikulire nthawi zonse, ndipo ana afike kwawo dzuwa lisanalowe. Musanayambe, kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu, afumu ndi makolo. Masewero a Lamulungu aziyamba tikaweruka ku tchalitchi, Amen? Amene mtima wanu wakhudzidwa, Lamulungu likubwerali mukapereke dzina kwa mkulu wa achinyamata pampingo panu, ndipo munene masiku amene mungamapezeke pabwalo.