Njira ya Mapazi ya ku Cobué Ili ndi Eni Ake

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye ndisazungulire. Ndikufuna tikambirane za njira ya mapazi ija ya m'mbali mwa nyanja, yochoka kuno ku Metangula kudzera ku Chuanga, Messumba, Ngoo, Mbueca ndi Mala mpaka kukafika ku Cobué.

Ife timaiona ngati njira wamba, yopitira kumaliro, kuchigayo kapena kukagula usipa. Koma alipo anthu amene amachoka kutali, ena ku Ulaya kwenikweni, kuti adzangoyenda njira yomweyi kwa masiku angapo, chikwama chili kumsana. Ena amadzera ku Lichinga, ena amatsika pa Likoma n'kuwoloka pa boti kudzadinditsa pasipoti ku Cobué. Ndamvapo anyamata akuwaseka, amvekere mzunguyu wasowa ndalama ya boti. Ayi abale, ndalama ali nayo. Kuyendako ndiye chimene wadzera.

Tiyambe takumbutsana kuti njirayi ndi ya yani. Makolo athu anaiponda kalekale msewu usanabwere. Mmishonale wa Anglican uja, William Percival Johnson, anafika kunyanja kuno mu 1882, ndipo anazungulira midzi ya m'mbali mwa nyanja, pena pa sitima pena wapansi, mpaka kumwalira kwake mu 1928. Iye anapeza njira zilipo kale. Pa nkhondo yomenyera ufulu, imene kuno inayamba ndi kuthira nkhondo postu ya Cobué mu September 1964, anthu anathawira m'tinjira ta m'mapiri tomweti. Pa nkhondo ya zaka 16 ija anathawanso, ambiri ku Likoma ndi ku Malawi, ena ku Tanzania, njira zina n'kumera thengo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, obwerera kumudzi ndiwo anazitsegulanso ndi zikwanje zawo. Palibe kampani imene inalambula njirayi. Tinalambula ndife.

Pambuyo pake zinthu zinasintha. Kumwera kwa Cobué kunamangidwa malo ogona alendo a Nkwichi, dzina lochokera ku mchenga wa pamenepo umene umalira kwichikwichi ukauponda. Midzi ya kumeneko inagwirizana zopatula nkhalango ya Manda Wilderness, yoposa mahekitala 100,000. Mu 2011 boma linalengeza kuti mbali yathu ya nyanja ndi malo otetezedwa, ndipo chaka chomwecho nyanjayi inalembedwa m'gulu la malo a madzi ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Mbiri ya dera lathu inamveka kutali, nchifukwa chake mukuona zikwama zija.

Tsono funso langa ndi ili: munthu woyendayo amafuna chiyani? Madzi okha ayi, madziwo akadawaonera pa boti. Amafuna kukwera phiri mumthunzi wa miombo, kupuma patsinde pa mkuyu, kumva nkhwazi ikulira, kuona anyani pathanthwe, kenaka n'kutsetserekera kugombe kukasamba. Mukachotsa mitengo, chotsala ndi miyala yotentha ndi dzuwa la October, ndipo palibe munthu angalipire kuti adzapse ndi dzuwa.

Apa ndiye pali nkhani ya moto, ndipo mundilole ndikhalitsepo pang'ono. Chaka chilichonse kuyambira August mapiri athu amayaka usiku wonse. Wina akusaka nyama, wina akusosa munda moto n'kumupulumuka, wina akufula njuchi n'kusiya chikuni chikufuka. Tikafunsa timamva kuti tchire limapsa chaka ndi chaka, ndipo mitengo ilipobe. Zoona, mombo waukulu supsa msanga. Koma pitani mukayang'ane pansi pake. Timitengo tating'ono, tofika m'mawondo, moto wa September ndi October umatipsereza tonse chifukwa udzu wauma gwa ndipo mphepo ikukupiza. Chitsa chimaphukanso, chaka chamawa chipsanso, osakula. Ndiye nkhalango imatsala ya nkhalamba zokhazokha, yopanda ana. Ikadzagwa mikuluikuluyo, idzalowedwa m'malo ndi chiyani? Moto wa May kapena June, udzu ukadali ndi chinyezi, umayenda pang'onopang'ono ndipo umazima wokha ndi mame a usiku. Ngati kuotcha n'kofunika, tiotche nthawi imeneyo, mogwirizana ndi mfumu, titalambula m'mbali.

Asodzi musaganize kuti izi ndi za anthu a kumtunda. Phiri likapsa n'kukhala mbee, mvula yoyamba imakokolola dothi lonse kulowa nalo m'mitsinje. Mpasa zimakwera mitsinje kukaswana pa timiyala toyera, matope akakwirira timiyalato mazira amafa. Matope omwewo akafika m'nyanja amaphimba ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya. Amayinso mukudziwa kumene bowa amamera: pansi pa miombo ndi misuku, osati pa chipululu. Choncho ngakhale mlendo asabwere ndi mmodzi yemwe, mthunzi wa m'njira ija ndi ndiwo zathu.

Chachiwiri ndi nzeru. Mlendo akamayenda amafunsa mafunso ngati mwana. Mtengo uwu ndi chiyani? Uwu bwanji ukutuluka madzi ofiira ngati magazi? Mnyamata wodziwa amayankha kuti ndi mlombwa, umene pa Chipwitikizi amati umbila, wa matabwa a zitseko. Amamuonetsa phazi la nguluwe, amamuuza chifukwa chake masamba a miombo amaphuka ofiira mvula isanagwe, amamulozera utsi uli pakati pa nyanja n'kumuuza kuti si moto, ndi nkhungu, ndipo ife timadya. Amadziwa doko limene kuli ng'ona, ndi madzi a m'bango osayenda amene munthu angatengemo likodzo. Mnyamata wotere ndiye amalipidwa. Koma achinyamata athu ambiri lero amadziwa maina a osewera mpira a ku England kuposa maina a mitengo ya kuseri kwa nyumba yawo. Sindikudana ndi mpira, inenso ndimamvera. Ndikungoti nzeru zimene zingawapatse ndalama zili ndi agogo awo, ndi amayi otola nkhuni, ndi alenje akale, ndipo anthu amenewa sakhala nafe mpaka kalekale. Chizungu ndi Chipwitikizi munthu amaphunzira kusukulu. Dzina la mtengo ukalitaya, ukalifunsa kwa yani?

Chachitatu ndi malamulo, mwachidule. Lamulo la malo la 1997 linanena kuti nthaka ndi ya boma, koma mudzi umene wakhala pamalo mwa mwambo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ndipo munthu wofuna malo sangapatsidwe chikalata anthu a m'mudzi asanafunsidwe. Tsiku la msonkhano wotero musamangofunsa za chitsime ndi malata a sukulu. Funsaninso kuti, kodi njira yathu ya kugombe idzatsala yotsegula? Nanga doko lokokerapo ngalawa ndi pochapira amayi? Zilembedwe m'pepala la msonkhanowo, chifukwa mpanda ukamangidwa kudandaula kumavuta. Komanso mu 2005 boma linakhazikitsa kuti 20 pa 100 ya msonkho wa mitengo ndi nyama zakutchire izibwerera kwa anthu a dera limene zachokera, kudzera m'komiti yawo. Mudzi wopanda komiti yolembetsedwa, ndalama zotere zimaudutsa.

Pali kanthu kena kakang'ono koma kamatinyozetsa. Mlendo akalowa m'mudzi, ana amamuthamangira ndi manja otambasula. Tiwaletse. Timugulitse nsomba yootcha, nsima ya kondoole, masuku pa nyengo yake, malo oimikapo tenti pabwalo la mfumu, pa mtengo umodzi wodziwika umene mudzi wagwirizana, osati wina 50 metikali wina 500 pa chinthu chomwecho.

Pempho langa kwa a pampando ndi lakuti kalabu iliyonse ya m'njirayi isankhe achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, ayende ndi munthu wamkulu mmodzi kuchoka m'mudzi mwawo kufika m'mudzi wotsatira. Atenge kope, alembe maina a mitengo, mitsinje, akasupe, manda oyenera kulambalala, ndi pamene moto unadutsa chaka chatha. Makopewo abwere pa msonkhano wa mwezi wamawa, tikapemphe a wailesi atipatse mphindi khumi pa sabata zowerengera mudzi umodziumodzi. Tiyambe ndi a ku Chuanga, poti ndiwo ali pafupi.